Si aliyense wopezeka ndi AVM ayenera kuthamangira opaleshoni

Pali mawu amene akhala akuzungulira kwa zaka zambiri, akuti munthu akapezeka ndi mitsempha ya magazi yopiringizana mu ubongo, vuto limene madokotala amalitcha AVM, ndiye kuti wanyamula bomba m'mutu, ndipo akapanda kuchitidwa opaleshoni msanga, sitiroko kapena imfa imupeza posachedwa. Mawuwa akusowetsa tulo mabanja, ndipo ife tikuti akukokomeza.

Vutolo lilipodi. Magazi ochokera kumtima amayenera kudutsa kaye m'timitsempha ting'onoting'ono timene timawachepetsa mphamvu. Pamene pali AVM timitsemphati palibe, choncho magazi amakhuthukira mwamphamvu m'mitsempha yowabweza, yomwe ndi yopyapyala, ndipo tsiku lina umodzi ukhoza kuphulika. Koma pa anthu 100 amene mitsempha yawo sinaphulikepo, zimenezi zimachitikira mmodzi kapena awiri pa chaka.

Ofalitsa mawu aja satchula kuti thandizo nalo lili ndi ngozi zake. Kafukufuku wa ARUBA, amene anamutsogolera J.P. Mohr wa ku Columbia University, anatsatira odwala 223 m'zipatala 39 za m'mayiko 9, onse akuluakulu amene mitsempha yawo inali isanaphulike. Ena anachitidwa opaleshoni, kapena kutsekedwa mitsemphayo ndi guluu, kapena kuwotchedwa ndi cheza. Ena ankangolandira mankhwala a mutu kapena a khunyu. Zotsatira zinatuluka mu The Lancet mu 2014. Patatha miyezi pafupifupi 33, mwa odwala 114 amene anasankhidwa kuti agwiridwe mu ubongo, 35 anali atadwala sitiroko kapena kumwalira. Mwa 109 a mankhwala okha, anali 11. Kusiyanaku kunali kwakukulu moti mu 2013 oyang'anira anaimitsa kulemba odwala atsopano.

Tisabise, madokotala ambiri a opaleshoni ya ubongo anadandaula ndi kafukufukuyu, ndipo mfundo yawo ndi yomveka. Zaka zitatu n'zochepa kwa mtsikana wa zaka 20 amene akhale ndi vutoli moyo wake wonse, chifukwa ngozi ya chaka ndi chaka imaunjikana. Ndiponso AVM yaing'ono, yokhala pamwamba, kutali ndi mbali zolamulira kulankhula ndi kuyenda, imachotsedwa bwino ndi dokotala wozolowera. N'chifukwa chake muyeso wa Spetzler ndi Martin wa mu 1986, woyezera ngozi ya opaleshoni ya AVM, umayang'ana kukula kwake, malo amene ili, ndi kumene magazi ake akutulukira. Wodwala afunse dokotala wake zinthu zitatuzi asanasaine chikalata chovomereza opaleshoni, ndipo apatsidwe nthawi yoganiza pamodzi ndi abale ake.

Zonsezi tikunena za mitsempha imene sinaphulikepo. Ikaphulika kamodzi, ngozi yoti iphulikenso imakwera, makamaka m'chaka choyamba, ndipo apo madokotala amalimbikitsa kuichotsa kapena kuitseka. Munthu akayamba mutu woopsa mwadzidzidzi, akusanza, dzanja kapena mwendo ukuzizira, pakamwa papotoka, kapena akulephera kulankhula, musadikire kuti kuche, mutengereni kuchipatala nthawi yomweyo.