Kuchotsa Jini Imodzi Kuti Ntchito Yake Idziŵike

M'mwezi wa September 2024, atsogoleri a maiko atasonkhana ku United Nations mumzinda wa New York, anagwirizana kuti pofika chaka cha 2030 achepetse ndi gawo limodzi mwa magawo khumi imfa zodza ndi tizilombo tosamva mankhwala. Lonjezo lotere silingakwaniritsidwe ndi mau okha. Wofuna kugonjetsa bakiteriya ayenera kuyamba wadziŵa chimene chimakapatsa mphamvu kachilomboko.

Bakiteriya ali ndi chingwe cha DNA chotchedwa kromozomu, cholembedwa ndi zilembo zamitundu inayi yokha. Pachingwepo pali malangizo a chibadwa, ndipo langizo lililonse limatchedwa jini. M'chaka cha 1997 akatswiri a ku University of Wisconsin anaŵerenga chingwe chonse cha bakiteriya wotchedwa E. coli, napeza majini opitirira 4,000. Komatu kuŵerenga maina m'kaundula wa mudzi si kudziŵa ntchito ya munthu aliyense. Njira yodalirika ndiyo kuchotsa jini imodzi, kenaka nkuona chimene chasokonezeka.

Kale ntchito imeneyi inkadya nthaŵi yambiri. M'chaka cha 2000 Kirill Datsenko ndi Barry Wanner a ku Purdue University anaifeŵetsa pogwiritsa ntchito mapuloteni a vairasi yotchedwa lambda, imene imagwira bakiteriya. Mapuloteniŵa amachotsa jini yosankhidwayo, naika m'malo mwake jini yoteteza ku mankhwala ena. Mankhwalawo akathiridwa m'mbale, tizilombo tosinthidwa tokha ndito timapulumuka. Pofika 2006, akatswiri a ku Japan, mothandizana ndi Wanner, anali atachotsa majini 3,985 a E. coli, imodziimodzi. Majini 303 anakanika kuchotsedwa, chizindikiro chakuti mwina kachilombo sikangakhale ndi moyo popanda iwo. Majini otere ndiwo ofufuza mankhwala atsopano amayamba kuŵayang'ana.

Nkhaniyi ikukhudzanso Malaŵi. Salmonella Typhimurium, amene ku Ulaya amangotsekula m'mimba, mu Africa ali ndi mtundu wotchedwa ST313 umene umaloŵa m'magazi nkupha, makamaka ana ofooka ndi malungo kapena kusoŵa zakudya, ndiponso anthu okhala ndi HIV. Kachilombo ka mtundu umenewu kamene kafufuzidwa kwambiri, D23580, kanapezeka ku Blantyre m'chaka cha 2004. M'chaka cha 2018 gulu la Jay Hinton la ku University of Liverpool linaonetsa kuti chilembo chimodzi chokha, pafupi ndi jini yotchedwa pgtE, chimachititsa kachilomboko kupanga puloteni yochuluka yokatchinjiriza ku chitetezo cha m'magazi. Umboni wake unapezeka atasintha chilembocho kuti chifanane ndi cha Salmonella wa kwina: mphamvu ya kachilombo inachepa.

Komabe njira ikadali yaitali. M'chaka cha 2016 akatswiri a J. Craig Venter Institute ku America anapanga bakiteriya wa majini 473 okha, koma ntchito ya majini 149 mwa ameneŵa inali yosadziŵika. Tsono ngati m'kachilombo kochepetsetsa chotero munatsala zobisika zambiri, nanga bwanji m'tizilombo timene tikudzaza zipatala? Lonjezo la ku New York lidzafuna ndalama ndi mankhwala, komanso lidzafuna anyamata ndi atsikana ophunzitsidwa kufufuza jini iliyonse payokha, makamaka m'maiko amene matendaŵa akupha anthu ambiri.