Motoka ikamafa kaŵili-kaŵili, wolemala asalipile kuti aibweze

Ambili a ife tili na m'bale ku UK amene amasamalila okalamba na olemala. Kucokela mu 2022, pamene Britain inatsegula viza ya nchito imeneyi, azilongo athu na anzathu a kusukulu apita ambili. Mukaceza nawo pa WhatsApp, dzina lakuti Motability silicedwa kumveka, cifukwa ena a iwo ndiwo amayendetsa motoka zimenezi popeleka anthu awo ku cipatala. Ndipo funso limene limawavutitsa ni ili: motoka ikakhala yosalongosoka, kodi mwiniwake angaibweze pangano lisanathe?

Motability inayamba mu 1977. Munthu amene boma limam'patsa ndalama zothandizila mayendedwe pa mlingo wapamwamba, monga za PIP, amapeleka ndalamazo, nthawi zambili zonse, kuti atenge motoka yanyowani ya lendi. Pangano limakhala la zaka 3, koma ngati ni motoka yoloŵamo na njinga ya olemala, ni zaka 5. Inshuwalansi, sevisi, matayala na thandizo ukafela pa msewu, zonse zili momwemo. Motoka zodula zimafuna ndalama ina ya poyamba, imene iwo amaicha advance payment. Anthu opitilila 800,000 ali m'makonzedwe amenewa.

Tidziŵa zimene ena mwayamba kale kukamba. "Munthu apatsidwa motoka yanyowani mahala, manje adandaula cani? Ise pa Kulima Tower timenyanilana mpando." Si ya mahala. Kuyambila mu April 2025, ndalama ya mayendedwe ya PIP ya mlingo wapamwamba inali mapaundi 77.05 pa wiki. Ŵelengelani zaka zitatu, mupeza apitilila 12,000. Ndalama imeneyo ikanapita ku mataxi kapena ku zina zothandiza munthuyo kuyenda. Ni kasitomala amene alipila, ndipo alipila wiki iliyonse, olo motoka igone ku galaji.

Tiyelekeze mayi amene miyendo siigwila nchito. Motoka yake anaiika zogwilila kumanja zopondela mafuta na mabuleki, komanso kamakina konyamulila njinga kumbuyo. Mwezi wacitatu, nyale yofiila yayaka, injini yazima pa laundabauti. Aikoka, aikonza, aibweza. Patapita mawiki aŵili yazimanso. Makanika aiika pa kompyuta, akamba kuti sanapeze vuto. Motoka za masiku ano zili na khalidwe limeneli: zimadwala pa msewu, zikafika kwa dokotala zacila.

Apa ndiye timasiyana na mayi ameneyu. Ise motoka ikatifela, timatsika, timakankha, kapena tiitana Yango. Iye sangatsike n'kuimilila kuseli kwa cotchinga m'mbali mwa msewu waukulu, monga mmene malamulo a pa msewu kumeneko amalangizila. Akhala m'kati, malole amupita pafupi. Galaji ikamubweleka motoka ina yoyembekezela, kambili imakhala yopanda zogwilila zija, conco kwa iye ni cimodzimodzi na kumupatsa wilibala. Tsiku la ku cipatala limene anayembekezela miyezi lipita. Abwana ku nchito ayamba kuŵelenga masiku. Ndipo cimene sicilembeka pa pepala la makanika ni mantha. Munthu akaleka kuikhulupilila motoka, amaleka kuyenda, ndiye kuti cinthu cimene anaitengela catha.

Makonzedwewa amalola kuthetsa pangano nthawi isanakwane ngati pali cifukwa comveka, ndipo amaona nkhani iliyonse payokha. Pangakhale cindapusa cofika mapaundi 250. Ise maganizo athu ni akuti cindapusa cotelo n'ca munthu amene wangosintha mtima, amene waona kuti mtundu wa penti sunamukondweletse. Amene abweza motoka yofa-ifa asacotse olo ngwee, ndipo abwezeledwe gawo la ndalama ya poyamba la miyezi imene yatsala. Zogwilila na kamakina kaja, ngati analipila yekha, asalipilenso kaciŵili poziika mu motoka ina. Anthu ambili amaiŵala mbali imeneyi, koma ndiyo imapweteka thumba.

Mbali ina nayo ili na mfundo, tisabise. Motoka imagwa mtengo kwambili m'caka coyamba, ndipo iliyonse yobwezedwa msanga imadya ndalama zimene zikanacepetsa mitengo ya ena onse. Komanso anthu ni anthu, wina angaone motoka yabwino kwa neba n'kuyamba kumva phokoso mu yake. N'cifukwa cake kupatsa galaji mpata wokonza n'koyenela. Cimene tikana ni mpata wosatha, uja wakuti "bweletsaninso tione" kacinayi, kacisanu.

Lamulo la kumeneko lili kumbali ya kasitomala kuposa mmene ambili aganizila. Consumer Rights Act ya 2015 imakhudzanso katundu wa lendi. M'masiku 30 oyambilila, ngati katundu ali na vuto, ungamukane. Masiku amenewo akapita, wogulitsa amapatsidwa mwayi umodzi wokonza kapena kusintha, ndipo akalephela, ufulu wokana umabwelanso. Vuto likaonekela m'miyezi 6 yoyamba, lamulo limatenga kuti linalipo kucokela pa ciyambi, pokhapo iwo aonetse umboni wotsutsa. Mwayi umodzi, osati isanu. Koma lamulo lili m'buku, ndipo munthu wotopa na matenda, amene aopa kuti akakangana adzam'landa motoka, kambili amangokhala cete.

Kuno kwathu tilibe makonzedwe otelo. Tili na lamulo la anthu olemala la 2012 komanso bungwe la ZAPD, koma wolemala wofuna motoka amadzigulila yekha, kambili yakale yocokela ku Japan yoloŵela pa Nakonde, n'kufuna wina womupangila zogwilila. Ikafa ni zake. Olo n'telo, mtima wakuti "wagula, wagula" tiudziŵa bwino. Lamulo lathu la 2010 loteteza ogula, limene CCPC imayang'anila, limaletsa zikwangwani zokana kubweza katundu, koma yendani m'mashopu m'tauni muone ngati zinatha.

Conco imwe amene muli na mlongo wosamalila munthu wa motoka yotelo, mutumileni izi. Alembe deti iliyonse imene motoka yafa, na makilomita kapena mamailo amene inali itayenda. Nyale ikayaka, aime pabwino ajambule vidiyo isanazime. Asunge pepala lililonse la ku galaji na la okoka motoka, ngakhale lija lokamba kuti sanapeze vuto, cifukwa nalonso ni umboni wakuti inapitako. Madandaulo apite kwa eni pangano, osati ku galaji cabe, ndipo akhale olemba. Kampani ili na mawiki 8 kuti iyankhe. Yankho ikapanda kubwela kapena ikakhala yosakhutilitsa, nkhani ipite ku Financial Ombudsman Service pasanathe miyezi 6 kucokela pa yankho yothela. Kumeneko salipilitsa.