Anyani Sasekana Zikundu

Palibe chimene chimatikomera pano pa Chirunga ngati kuseka makolo athu. Timakumbutsana za lamulo la 1973 limene lidaletsa amayi kuvala thalauzi ndi siketi yaifupi. Timafunsana mododoma kuti kodi dziko lidagona bwanji tulo pamene Jack Mapanje adali m'ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991. Tikatha kuseka timadziona ngati ife ndiye openya.

Ine ndikukana. Anthu aja sadali opusa. Adali ndi ana oti awadyetse, ntchito yoti aisunge, ndiponso mantha. Ankangoti, "Nanga tingatani?" Anzanga, mawu omwewa ndiwo timayankha lero munthu akatifunsa za thumba la makala lili kuseri kwa chitseko.

Kumene makala amachokera tonse tikudziwa. Taonani phiri la Ndirande, limene agogo athu adalidziwa lili ndi nkhalango: lero latsala mbee. M'mwezi wa Malichi 2023, namondwe wa Freddy atafika, matope ndi miyala zidatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 adamwalira. Mvulayo idali yoopsa, sinditsutsa, koma dothi la paphiri limagwidwa ndi mizu, ndipo mizuyo tidaiphikira nsima. Tidalira maliro, tidasonkha zovala, kenaka tidabwerera ku mbaula zathu.

Chondiwawa n'chakuti tidapeza kale wom'kankhira mlandu: bambo uja wa njinga, wotsika ndi matumba atatu m'bandakucha, amene amalandidwa katundu wake pamsewu. Wogula, mwini digiri, wa nyumba yamagetsi ndi mbaula kukhonde, palibe amam'funsa. Inu aziphunzitsi athu, pepani, koma ena mwa ogulawo ndinu. Mudzati magetsi ndi okwera mtengo, amazimazima, gasi ndi wa olemera. Zoona zimenezo. Nawonso mantha a 1973 adali oona.

Mtsikana amene adzaphunzire pano zaka 50 zikudzazo adzavala thalauzi popanda wom'funsa. Adzakweza maso ku phiri la Zomba, kumene madzi a Mulunguzi amene timamwawa amachokera, ndipo adzafuna kudziwa zimene tinkalemba m'magazini ino pamene mitengo inkatha. Adzapezamo ndakatulo zachikondi, ndi nkhani zambirimbiri zoseka Kamuzu.