Mlendo Wodya Ndere M'thanki ya Mbuna Asankhidwe Mwanzeru

Sabata ino tikambirana za nsomba zimene anthu amaweta m'nyumba cifukwa ca kukongola kwace, osati za ndiwo ai. Ku maiko a ku Ulaya ndi ku America anthu amalipira ndalama zambiri kugula tinsomba ta m'nyanja zathu zino. Kufupi ndi Mpulungu, m'nyanja ya Tanganyika, muli nsomba yochedwa Tropheus moorii, imene akatswiri anailemba m'mabuku m'caka ca 1898. M'nyanja ya Malawi namo muli mbuna, tinsomba ta m'miyala ta mawanga obiriwira ndi acikasu. Nsomba zotere amaziika m'thanki ya galasi, ndipo ali yense wofuna kuyamba kuweta ayenera kudziwa mabvuto awiri amene adzakomana nao.

Bvuto loyamba ndi ndere, zimene zimamera pa galasi ndi pa miyala mpaka nsomba osaonekanso. Laciwiri ndi ukali. Mbuna yaimuna imasankha mwala wace ndi kupitikitsa ciri conse cofika pafupi, pakuti atambala awiri salira m'khola limodzi. Tsono munthu akagula nsomba ina kuti izidya ndere, osayamba waganiza za ukali umenewu, m'mawa mwace amapeza mlendoyo atathothoka zipsepse kapena atafa.

Cifukwa cace funso loyamba lisakhale lakuti, kodi nsomba iyi imadya ndere zambiri? Liyambe ndi lakuti, kodi ingapirire pakati pa ankhondo awa, ndiponso m'madzi amene iwo amakonda? Madzi a m'nyanja ziwirizi ali ndi laimu wambiri, ndipo ndi ofunda, pakati pa madigiri 24 ndi 27.

Imene imakwanitsa bwino zimenezi ndi Ancistrus, yocokera ku South America. Iyi ndi mbale wa mlamba, koma thupi lace ndi lokutidwa ndi mamba olimba ngati mafupa, ndipo m'masaya mwace muli minga imene imaitulutsa ikaputidwa. Imakula kufika masentimita 12 kapena 15 cabe. Masana imabisala, nituluka usiku pamene mbuna zagona, kukapala ndere ndi kamwa lace lomamatira. Gulani yokulirapo, osati kamwana. Ikani mapanga a miyala okwanira, ndiponso kamtengo kouma kogula kwa ogulitsa nsomba, pakuti imakonda kukukuta mtengo. Poilowetsa, sunthani miyala yonse ndi kuzima nyali, kuti eni malo atanganidwe ndi kufuna malire atsopano. Ndere zikacepa, muziiponyera kacidutswa ka nkhaka kapena ka dzungu usiku, ndi kucotsa zotsala m'mawa.

Pali zina zimene ogulitsa angakuonetseni, koma muzikane. Otocinclus ndi kakang'ono, ka masentimita 4 kapena 5, ndipo mbuna zimakapha msanga. Pleco wamkulu, wochedwa Pterygoplichthys, amaoneka bwino ali mwana, koma amatha kupitirira masentimita 40, nadetsa madzi koposa m'mene amayeretsera galasi. Wotere akakukulirani musamtaye mumtsinje kapena m'damu. Ku Florida ndi ku Philippines nsomba zotayidwa motero zinaswana kwambiri, ndipo zimakumba mauna m'magombe ndi kusautsa asodzi. Nayo nkholokolo imakhala bwino ndi mbuna popeza ndi ya m'nyanja imodzi, koma nchito yace ndi kutola zakudya zogwera pansi; ndere za pa galasi siidzakucotserani.

Tifuna kucenjeza makamaka ife a kumudzi za nkhono. Ndi zoona kuti nkhono zimadya ndere, ndipo wina angaganize zokatola za m'dambo popeza ndi zaulere. Musacite zimenezo. Nkhono zina za m'madzi osayenda ndizo zimasunga tizirombo ta likodzo, ndipo tizirombo timeneti timalowa pakhungu la munthu wopisa dzanja m'madzimo. Ana ndiwo amakonda kusewera ndi madzi a m'thanki, motero mungaitanire matenda m'nyumba mwanu. Safunsa anadya phula.

Komanso tisaiwale kuti mbuna ndi Tropheus mwini wace cakudya cao ca m'nyanja ndi ndere zomera pa miyala. Ndere zobiriwira pang'ono pa mwala si uve ai, ndi ndiwo zao. Zikacuruka kopitirira muyeso, mlandu uli ndi woweta. Thanki isaikidwe pa zenera pamene dzuwa limaomba, ndipo nyali isayake kupitirira maola 8 pa tsiku. Cakudya cikhale cimene nsomba zingamalize m'mphindi ziwiri. Sabata iri yonse cotsani gawo limodzi mwa magawo anai a madzi ndi kuthiramo ena abwino, ndipo pukutani galasi ndi kansaru kopanda sopo. Thanki ya mbuna isacepere malita 200, ndipo m'thanki yotere Ancistrus mmodzi ndi wokwanira.

Mlimi wanzeru amayamba wakonza khola asanagule ciweto. Inunso konzani mapanga, kuwala ndi madzi coyamba, ndipo mlendo wodya ndere abwere pambuyo pace.