Za Pakhomo Pathu: Kabowo Kamene Kakusowa pa Mafoni Atsopano

Makolo anzathu, ndi inu anyamata ndi asungwana amene mumawerenga tsamba lino mwezi ndi mwezi, lero tifuna kuti tikambirane za kanthu kakang'ono kwambiri, koti njere imodzi ya mpunga wa Kilombero ikhoza kukatseka. Tengani foni yanu, muyang'ane m'mphepete mwake, kumutu ndi kumunsi komwe. Ngati ili ya itel kapena Tecno, monga ambiri a ife kuno ku Ngara tili nazo, mupezapo kabowo kozungulira kamene timalowetsamo chingwe cha mahedifoni. Koma ngati ili imodzi mwa mafoni odula aja amene ana athu amatitumizira kuchokera ku Johannesburg, kapena amene amalonda amabwera nawo kuchokera ku Dar es Salaam kudzera pa Songwe, mwina mufufuza mbali zonse zinai osakapeza. Sikuti foniyo idawonongeka m'njira ai. Eni ake adakachotsa dala.

Kabowoka n'kakale kuposa agogo athu. Kholo lake lidabadwa cha m'ma 1878, patangopita zaka zitatu chifikire Dr. Robert Laws ndi anzake ku Cape Maclear, pamene ku Amereka adayamba kumanga nyumba zolumikizira matelefoni. M'nyumbazo munkakhala anthu amene ntchito yawo idali kuzula chingwe pa bowo ili n'kuchilowetsa pa bowo ilo kuti anthu awiri alankhulane. Mutu wa chingwecho udali wa mamilimita 6.35, ndipo mpaka lero oimba magitala akugwiritsabe ntchito mutu womwewo. M'zaka za m'ma 1950, pamene mawailesi ang'onoang'ono a mabatire adayamba kufala, amisiri adauchepetsa kufika pa mamilimita 3.5. Kampani ya Sony ya ku Japan itatulutsa Walkman mu 1979, kabowoka kadafika pa dziko lonse. Ubwino wake udali wakuti padalibe kampani imene inkati n'kanga ndekha. Mahedifoni ogulidwa pa msika wa Karonga ankalowa m'wailesi ya ku Japan, m'kompyuta ya ku Amereka ndi m'foni ya ku China, osafunsa dzina la mwini.

Tsono pa 7 Sepitembala 2016, mu mzinda wa San Francisco, kampani ya Apple idaonetsa iPhone 7 yopanda kabowoka. Siidali yoyamba, pakuti Oppo, LeEco ndi Motorola adali atayesako kale, koma njovu ikadutsa ndiye pamakhala njira. Mmodzi wa akuluakulu a kampaniyo, Phil Schiller, adauza anthu kuti chimene chidawachititsa zimenezi n'kulimba mtima. Pa msonkhano womwewo adaonetsanso timahedifoni topanda chingwe totchedwa AirPods, pa mtengo wa madola 159. Zaka ziwiri m'mbuyo mwake, mu 2014, Apple idali itagula Beats, kampani yopanga mahedifoni, ndi madola 3 biliyoni. Ife sitinena kuti kulimba mtima padalibe, koma munthu akagwetsa mlatho tsiku lomwe wagula bwato lowolotsa anthu, a m'mudzi ali ndi ufulu wakudabwa.

Anzawo adayamba ndi kuseka. Google idanyoza Apple posatsa foni yake ya Pixel mu 2016, koma chaka chotsatira Pixel 2 idatuluka yopanda kabowo. Samsung idaseka nthawi yaitali ndithu, mpaka mu 2019 pamene Galaxy Note 10 idatuluka yosalala ngati dzira.

Zifukwa zimene makampaniwa adapereka tiyenera kuzimva bwino, pakuti si zonse zili zabodza. Adati kabowoka kamadya malo m'kati mwa foni, malo amene akadakhala a batire lokulirapo. Izi n'zoona. Adatinso kabowoka kamalowetsa madzi, ndipo ife a m'mphepete mwa nyanja, amene taona mafoni ambiri akufera m'madzi a pansi pa bwato, mawu amenewa amatigwira mtima. Komatu m'chaka chomwecho cha 2016 Samsung idali itatulutsa kale Galaxy S7, imene idali ndi kabowo koma yosalowa madzi, ndipo muyeso wake wa kupirira madzi udaposa wa iPhone 7. Choncho njira yotsekera madzi popanda kutseka kabowo idalipo.

Chimene chatichititsa kuti tilembe nkhaniyi si nyimbo ai, koma wailesi. Ambiri sadziwa kuti chingwe cha mahedifoni chimagwira ntchito ziwiri. Mafunde a wailesi ya FM amatalika pafupifupi mamita atatu lililonse, ndipo kuti agwidwe bwino pafunika waya wotalika ngati mkono wa munthu wamkulu, kuchokera pa phewa kufika ku zala. Mawailesi a Nzeru amene tidakula nawo adali ndi eriyo yosolola chifukwa cha chimenechi. Foni ndi yaifupi, ilibe posunga waya wotere. Amisiri adaona kuti chingwe cha mahedifoni, chimene chimapitirira pang'ono mita imodzi, chikhoza kutengera mawu ku makutu ndi kukhalanso eriyo nthawi yomweyo. N'chifukwa chake mafoni ambiri amakana kutsegula wailesi mpaka mutalowetsa chingwe, ngakhale mufune kumvera pa sipika. Ana athu adazitulukira kalekale zimenezi. Amadula mahedifoni akufa, n'kusiya kamutu ndi kawaya kolendewera, wailesi n'kumalira bwinobwino.

Tinene mosabisa kuti iPhone siidakhalepo ndi wailesi ya FM yoti munthu n'kutsegula, ngakhale isanataye kabowo. Koma mafoni ambiri a makampani ena adali nayo, ndipo pamene kabowo kadachoka pa mafoni awo odula, kawirikawiri wailesi idatsagana nako. Wogulitsa adzakuuzani kuti palibe chovuta, wailesi ili pa intaneti. Inde ilipo, koma kusiyana kwake n'kwakukulu. Wailesi ya FM imabwera yokha mumlengalenga ngati mvula, siifuna mayunitsi, siifuna netiweki ya Airtel kapena ya TNM, ndipo imadya batire pang'ono. Ya pa intaneti imadya pafupifupi 30 MB pa ola limodzi, nthawi zina kuposa apo, ndipo netiweki ikathawa nayonso imakhala chete. Munthu amene ankamvera mpira wa Bullets ndi Wanderers kwaulere tsopano ayenera kuyamba wagula bandulo.

Mpira tingathe kuusiya, ngakhale anyamata sangavomereze. Koma taganizani za mwera. Kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti mphepo imeneyi imatha kusandutsa nyanja yabata kukhala mapiri m'maola ochepa, ndipo palibe doko pakati pa Chilumba ndi Kaporo limene silidalirepo maliro chifukwa cha iyo. Nthambi ya boma yoona za nyengo imachenjeza asodzi ndi onse oyenda pa nyanja, ndipo njira yaikulu imene chenjezolo limafikira kwa ife ndi wailesi: MBC, Zodiak, ndi zathu za konkuno monga Tuntufye FM ndi Radio Dinosaur, zimene zimalankhula Chitumbuka ndi Kyangonde. Mwini chilimira amene wamva chenjezo madzulo angathe kuuza siginala ndi anyamata ake kuti lero nyali zisayatsidwe, usipa tidzaupeza mawa. Amene sanamve amakankha boti. Kodi n'chanzeru kuti uthenga wotere uzidalira ngati bandulo latsala kapena latha?

Akulu akukumbukira zivomezi za mu Disembala 2009, pamene nyumba zambiri m'boma lino zidagwa kapena kung'aluka, anthu n'kumagona panja nyengo ya dzinja. Ang'onoang'ono akukumbukira chaka cha 2020, pamene sukulu zidatsekedwa pa 23 Malichi chifukwa cha Covid-19, maphunziro a pulaimale n'kumaulutsidwa pa wailesi. Tonse tikukumbukira mdima wa mu 2022, namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira. Pa nthawi zoterezi, chipangizo chimene chimathandiza ndi chimene sichipempha zambiri.

Makolo athu adaidziwa mfundo imeneyi. Mu 1949 ku Lusaka kudafika kawailesi kotchedwa Saucepan Special, kopangidwa ndi kampani ya Ever Ready, kooneka ngati poto, kogulidwa ndi mapaundi asanu. Kadapangidwa dala kotsika mtengo ndi kolimba kuti munthu wa kumudzi amve Chinyanja chikulankhulidwa mumlengalenga. Amisiri a nthawiyo ankafunsa kuti munthu wosauka afunika chiyani. Pa mafoni odula a lero funso limene lidafunsidwa lidali lina.

Tiyeni tione za ndalama. Mahedifoni a chingwe alibe batire, choncho safuna kutchaja. Chingwe chikaduka, mnyamata wodziwa kuwotcherera amachilumikiza pa khonde la sitolo. Opanda chingwe amalankhulana ndi foni kudzera mwa Bluetooth, ndipo kalikonse kali ndi kabatire kake, pamodzi ndi kabokosi kosungiramo kamenenso kali ndi batire. Ndiye kuti munthu amene ankatchaja chinthu chimodzi tsopano akusamala mabatire anai. Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti mwa nyumba 100 zilizonse m'Malawi, 11 zokha ndizo zinkaunikira magetsi, ndipo ngakhale masola achuluka chiyambire nthawiyo, ambiri a ife tikulipirabe potchajitsa. Timabatireti timafooka pakapita zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo pa mitundu yambiri tidamatidwa m'kati moti sitingasinthidwe. Zikatero chinthu chonse chimatayidwa. Kamodzi kakagwera mu mchenga pa doko kapena pakati pa usipa pa thandala, kotsalako kamakhala kamasiye. Bungwe la United Nations lidawerengera kuti mu 2022 dziko lapansi lidataya zinyalala za zipangizo zamagetsi zolemera matani 62 miliyoni. Kuno tilibe kokazitaya koyenera, zimathera kudzala, ndipo mvula ikagwa madzi a kudzala amatsikira ku nyanja imene timamwa.

Kulinso kachingwe kakafupi kolumikizira mahedifoni akale pa bowo lotchajira. Apple inkakaika m'bokosi la foni mpaka mu 2018, kenaka idaleka, wofuna azigula yekha. Kamathandiza, koma kali ndi zovuta zake. Simungatchaje ndi kumvera nthawi imodzi. Sikuti kalikonse kamagwira pa foni iliyonse, pakuti tina tili ndi kachipangizo m'kati, tina tilibe, ndipo pa maso timaoneka tofanana. Pa mafoni ambiri sikabwezeretsa wailesi. Choopsa kwambiri n'chakuti khomo limodzi likamalowa aliyense, chitseko sichichedwa kuguluka: bowo lotchajira likatha, foni yonse yaima. Atsogoleri a makwaya ndi oyendetsa zimbale pa maukwati akudziwa manyazi amene amakhalapo pamene chingwe cha ampulifaya chili m'manja, anthu akudikira, koma foni imene muli nyimbo ilibe polowetsa.

Sitikuti mahedifoni opanda chingwe ngoipa. Mayi amene akuanika usipa kapena mnyamata wa kabaza angakonde kuyankha foni manja ali pa ntchito, popanda chingwe chokola mu ukonde kapena pa handulo. Otsika mtengo afikanso m'misika yathu. Amene ali nazo ndalama agule, asangalale nawo. Chimene tikudandaula n'chakuti kale munthu ankasankha yekha, pakuti foni ya kabowo imalolanso Bluetooth, pamene foni yopanda kabowo yamusankhira kale. Ndipo zonsezi zimagulidwa ndi ndalama zakunja. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, usipa sudayambe kulowa wambiri mu ukonde kuti ulingane nazo.

Kwa inu achinyamata tili ndi mawu awiri. Taona ena akuchita manyazi kutulutsa foni ya chingwe pamaso pa anzawo, ngati kuti chingwe ndi chizindikiro cha umphawi, mpaka kuvutitsa makolo kuti agulitse mbuzi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Dziwani kuti oimba ndi amisiri ojambula nyimbo m'mastudio aakulu a pa dziko lapansi amagwiritsabe ntchito mahedifoni a chingwe, chifukwa mawu ake safika mochedwa ndipo sathima pakati pa ntchito. Mawu achiwiri ndi a makutu anu. Kaya a chingwe kaya opanda chingwe, mukamakweza mpaka woyandikana nanu mu minibasi n'kumamva nyimbo yanu, mukudzigonthetsa pang'onopang'ono, ndipo khutu likafa silidzukanso.

Mwayi wathu ngwakuti makampani amene amagulitsa kwambiri mu Afirika sanatseke kabowoka pa mafoni awo ambiri otsika mtengo. Tecno, itel ndi Infinix, amene onse mwini wake ndi Transsion ya ku Shenzhen, adaphunzira msika wathu, ndipo mafoni awo ena a mabatani ali ndi eriyo ya m'kati yoti wailesi imalira popanda chingwe n'komwe. Koma zimene zimayambira pa mafoni odula zimatsika pang'onopang'ono, ndipo ena a mtengo wapakati ayamba kale kubwera osalala.

Choncho musanapereke ndalama pa sitolo, pemphani wogulitsa ayatse foniyo. Onani ngati kabowo kalipo, lowetsani mahedifoni anu, funani pamene palembedwa FM Radio, mumve ndi makutu anu wailesi ikulira, intaneti ili yotseka. Mwana wanu wa ku Johannesburg akafunsa kuti akutumizireni foni yotani, musachite manyazi kumuuza kuti mufuna ya kabowo ndi wailesi. Mwina adzasekako, koma idzamutsikiranso mtengo. Ngati yopanda kabowo yafika kale pakhomo, ilandireni ndi manja awiri, koma ija yakale ya mabatani musaipereke kwa ana kuti aziseweretsa. Itchajeni, muikulunge m'pepala la pulasitiki pamodzi ndi chingwe chake, izikhala pamene pamakhala nyali za ku nyanja.