Tatopa ndi ma "General Dealers"

Pali matenda omwe agwira amisiri athu, ndipo amayamba tsiku lomwe munthu waganiza zokalembetsa bizinesi yake kuboma. Wowotcherera zitseko wa pa Lirangwe, yemwe anthu a ku Mdeka ndi ku Matindi amamudziwa ndi dzina la bambo ake, akakhala pa kompyuta kuti adzaze fomu amasanduka "Uje Global Investments". Mtsikana wojambula zithunzi za maukwati ku Chileka amatuluka ali "Chakuti Holdings and General Dealers". Kamera ndi imodzi, ofesi ndi chikwama chakumsana, koma dzinalo ukaliwerenga ungayese ali ndi nthambi ku Dubai. Ine ndikuti uku n'kudzibera wekha, ndipo dziko lino lalira kale mokwanira chifukwa cha mayina otere.

Kulembetsa n'kwabwino, pasakhale wondimva molakwa. Ntchito za kubwalo la ndege la Chileka, za kukhonsolo ya Blantyre, za mabungwe omanga midadada ya sukulu ndi zimbudzi m'midzi, zonsezi zimafuna satifiketi ya ku ofesi yolembetsa mabizinesi, nambala ya msonkho ya ku MRA ndi akaunti ya kubanki ya bizinesi. Wopanda zimenezi amangogwira maganyu pansi pa wina yemwe ali ndi mapepala: thukuta lake, cheke cha mnzake. Choncho pitani mukalembetse. Nkhondo yanga ili pa dzina lomwe mukalembe pa mzere woyamba uja.

Mukafunsa chifukwa chomwe telala amadzitchera "General Dealers", yankho limakhala limodzi: "Mwina tsiku lina kudzatuluka tenda ya simenti kapena ya nyemba za kundende, ndiye dzina lisanditsekereze." Mwamva? Munthu sanayambe n'komwe, koma maso ali kale pa ntchito yomwe saidziwa. Dzina lotere limauza dziko kuti ulibe luso lomwe waimapo, ndiwe wodikirira chilichonse chingagwe kuchokera ku Capital Hill. Madobadoba omwe amathandiza anthu kudzaza mafomu nawonso amalimbikitsa zomwezi, poti kwa iwo dzina n'chinthu chongolemba msanga kuti alandire yawo.

Tisaiwale komwe khalidweli lidatifikitsa. Mu 2013, pa nthawi ya Cashgate, ndalama za boma zinkatuluka kupita ku makampani omwe sadapereke katundu aliyense, ndipo akatswiri a Baker Tilly adapeza kuti pafupifupi K24 biliyoni idasowa m'miyezi isanu ndi umodzi yokha. Oswald Lutepo, yemwe khoti lidamulamula kukhala kundende zaka 11 mu 2015, adali ndi kampani yotchedwa International Procurement Services. Treza Senzani, yemwe adali mlembi wamkulu mu unduna wa zokopa alendo, adavomera mlandu wa K63 miliyoni zomwe zidadzera ku kampani yake ya Visual Impact. Mayina okoma kukamwa, onunkhira Chingerezi, osanena kuti mwiniwake ndani ndipo amapanga chiyani. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Sindikunena kuti aliyense wa "Investments" ndi wakuba. Ndikunena kuti wakuba amakonda dzina lotere chifukwa limabisa nkhope, ndiye iwe mmisiri woona mtima ukulifuniranji?

Ndipo akuluakulu a boma asaseke, chifukwa ngakhale dzina litanena zoona iwo sawerenga. Mu 2022 boma lidalipira K750 miliyoni ku Barkaat Foods Limited ya ku Britain kuti ibweretse feteleza wotsika mtengo wa AIP. Kampani yogulitsa nyama! Dzina lokha linkafuula kuti awa ndi a zakudya, koma ndalama zidapita, feteleza osabwera, mpaka nduna ya zaulimi Lobin Lowe idachotsedwa ntchito. Ngati maofesi ogula katundu wa boma akadamafunsa funso laling'ono lakuti "kodi ameneyu ntchito yake yeniyeni ndi yotani?", amisiri athu sakadaona phindu lobisala m'mayina a zonsezonse. A PPDA, omwe amalembetsa ogulitsa katundu kuboma, ali ndi gawo lalikulu pa matendawa.

Tsono taonani zomwe amachita omwe amadziwadi malonda. Kampani ya mbewu ya Seed Co ili ndi akatswiri ophunzira kwambiri, koma idadziwa kuti mlimi wa kwa Kuntaja sangasunge m'mutu SC 403 kapena SC 719. Idati Kanyani, idati Njobvu, idati Mkango, ndipo lero mlimi amalowa m'sitolo n'kuitanitsa mbewu ndi dzina. TNM idatcha ndalama zake za pa foni Mpamba. NBS Bank idati Pafupi. Tiyi wa Chombe wakhala m'makapu mwathu zaka zambirimbiri. Tsabola wa Nali, yemwe adayambitsidwa ndi Nali-Lo Khoromana m'zaka za m'ma 1970, adatenga dzina kwa mwiniwake, ndipo wadutsa malire a dziko lino ali ndi dzina lomwelo. Makampani a mabiliyoni akuthamangira Chichewa kuti apeze makasitomala, pomwe kalipentala wa pa Lunzu, yemwe Chichewacho adayamwira, akuchithawa kuti aoneke wapamwamba. Wopusa ndani pamenepa?

Kasitomala wa munthu wodzilemba yekha ntchito sabwera chifukwa cha chikwangwani. Amabwera chifukwa mayi wina ku mpingo wati, "Pitani kwa mwana wa a Uje, amasoka bwino." Chuma chako chonse chili m'dzina lomwe anthu amakutchula iwe palibe. Ukalembetsa dzina lina lachilendo wadula chingwe pakati pa mbiri yako ndi mapepala ako. Wofuna kukulipira amaona pa invoisi dzina lomwe sadalimvepo, amayamba kukayika ngati ndalama ikupitadi kwa iwe. Wokufunafuna pa Facebook amapeza ma "Investments" makumimakumi ofanana, n'kugwera kwa wina.

Palinso za malamulo zomwe ambiri amazisokoneza, ndipo zimawapweteka. Kulembetsa dzina la bizinesi pansi pa lamulo la Business Registration Act la 2012 sikupanga kampani. Iwe ndi bizinesiyo mukadali munthu mmodzi, ndipo ngongole ikakuvuta, okongoza akhoza kufika pa njinga yako ndi mipando ya m'nyumba mwako. Kampani yeniyeni imabadwa pansi pa Companies Act ya 2013, yomwe imalola ngakhale munthu mmodzi yekha kukhala mwini wake. Imeneyo ndiyo imakhala ndi "Limited" kumapeto, imaima payokha pamaso pa khoti, komanso imadza ndi udindo wopereka malipoti chaka ndi chaka. Kudzilembera "Ltd" pa khoma ndi penti usanalembetse kampani n'kunamiza anthu, ndipo sikungakuteteze tsiku la mlandu. Chinanso, satifiketi ya dzina sikupatsa umwini wa chizindikiro cha malonda. Ngati ukufuna kuti wina asadinde dzina lako pa botolo lake la uchi kapena pa paketi ya chiponde, pali kalembera wina pansi pa Trademarks Act ya 2018. Dziwanso kuti ofesi imakana dzina lofanana ndi lomwe lidalembetsedwa kale kapena losocheretsa anthu, choncho fufuza kaye usanalipire wolemba zikwangwani ndi wosema chidindo.

Ena adzati mabwana a m'maofesi salemekeza dzina la Chichewa, akaona kotesheni ya dzina lakumudzi amaiponya pansi. Ngati alipo bwana wotero, vuto ndi mutu wake, ndipo sitingachize mutu wa bwana podzisintha mayina tonsefe. Komanso tinene zoona, bwana yemwe amasankha kontirakita poona kukoma kwa dzina ndi yemwe uja amalipira ogulitsa nyama kuti abweretse feteleza. Ena adzati dzina lotchula ntchito imodzi limakumanga, ukadzakula sudzatha kuchita zina. Kula kaye! Lamulo limalola kusintha dzina, limalolanso kutsegula kampani yachiwiri. Anthu a pa Lirangwe akhala akumva malonjezo a msewu wa ku Chingale chisankho ndi chisankho, amadziwa bwino kusiyana kwa mawu aakulu ndi ntchito yooneka ndi maso. Sangakupatse ntchito ya denga la nyumba yawo chifukwa wadzitcha "International".

Ofesi yolembetsa mabizinesi nayo ichitepo kanthu. Kulembetsa pa intaneti kudzera pa MBRS kwachepetsa maulendo opita mumzinda, koma zonse zili m'Chingerezi, ndipo n'chifukwa chake madobadoba akunenepa. Malangizo a kasankhidwe ka dzina, ndi kusiyana kwa dzina la bizinesi ndi kampani, alembedwe m'Chichewa, awulutsidwe pa wailesi, ndipo ogwira ntchito afike pa Lunzu, pa Lirangwe ndi pa Chileka masiku a msika.

Kwa inu amisiri, atelala, ojambula, okonza mafoni ndi oika magetsi a sola, musanadzaze fomu yesani dzinalo pa agogo anu. Ngati akutha kulitchula, ndipo akalimva akudziwa kuti ndi inu komanso ntchito yomwe mumagwira, lembetsani lomwelo. Ngati akufunsa kuti "ameneyo ndiye ndaninso?", lifufuteni muyambirenso.