NAMONDWE SI NKHANI YA KUMWERA KOKHA

Tikamva za namondwe pa wailesi, ambiri a ife kuno ku Mchinji timangopukusa mutu ndi kunena kuti zimenezo ndi za anzathu a ku Nsanje ndi ku Phalombe. Zoona, nyanja yamchere ili kutali nafe, ndipo dera lalikulu la boma lathu ndi chidikha. Koma akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo ndi bwino kuti aphunzitsi ndi achinyamata amene atsiriza sukulu aiganizire nkhaniyi mofatsa.

Namondwe amabadwira pa nyanja yamchere pamene madzi afunda kwambiri. Akafika pamtunda mphepo yake imayamba kufooka, koma mvula imene wasenza amaikhuthula yonse. Ndicho chifukwa chake kuno ku Malaŵi chimene chimapha anthu ochuluka ndi madzi, matope ndi miyala yotsika m'mapiri. Makolo athu anachitcha Napolo. Anachiona ku Zomba mu 1946, ndiponso ku Phalombe mu 1991 pamene phiri la Michesi linagumuka.

Zaka zapitazi anamondwe akhala akubwera motsatizana. Idai anasakaza mzinda wa Beira mu Malichi 2019, napha anthu oposa 1,000 m'maiko a Mozambique, Zimbabwe ndi Malaŵi. Ana, mu Januwale 2022, anaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo dziko lonse linavutika ndi kuzimazima kwa magetsi kwa miyezi yambiri. Mwini chigayo wa pa Kamwendo anamumva namondweyo m'thumba. Tsono Freddy, amene anakhala masiku 36, nthawi yaitali kuposa namondwe wina aliyense wolembedwa m'mabuku a zanyengo, anafika mu Malichi 2023. Matope ochokera m'phiri la Soche anakwirira nyumba ku Chilobwe mu Blantyre. M'dziko muno anthu amene anafa pamodzi ndi amene anasowa anaposa 1,000, ndipo oposa 600,000 anasiya nyumba zao.

Phiri limene lametedwa mpala silisunga madzi, ndipo mudzi umene uli m'tsinde mwake ndiwo umayamba kulira. Tiyeni tikweze maso tione mapiri athu a Mchinji, kumene kumachokera mtsinje wa Bua. Mitengo ikutha ndi makala, nkhuni zootchera njerwa ndi milimo ya zigafa za fodya. M'mbali mwa Bua ndi Rusa anthu akulima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa madzi. Mvula ya masiku atatu osakata itagwa pa mapiri otere, kodi madzi akewo adzaima pati?

Pali dziko limene lingatiphunzitse. Mu Novembala 1970 namondwe wa Bhola anapha anthu osachepera 300,000 m'dera limene lero ndi Bangladesh, ndipo palibe namondwe wina wodziwika amene anapha anthu ochuluka chotere. Anthu a kumeneko anamanga nyumba zolimba zothawirako, zambiri mwa izo zili sukulu, ndipo anaphunzitsa anthu odzipereka a m'midzi kuti chenjezo likamveka aziyenda khomo ndi khomo. Pamene namondwe Amphan anafika mu 2020, anthu oposa 2 miliyoni anasamutsidwa nthawi ikadalipo, ndipo amene anafa m'dzikomo sanafike 100. Bangladesh si dziko lolemera. Chimene chinapulumutsa miyoyo ndi uthenga wofika msanga kwa anthu odziwa kothawira.

Apa ndi pamene pali ntchito yanu. Nthambi yoona zanyengo imalengeza namondwe masiku angapo asanafike, koma chilengezo cha pa wailesi sichinyamula gogo kumchotsa m'dambo. Mnyamata kapena mtsikana amene watsiriza Folomu 4 ndipo ali pamudzi kudikira ntchito angathe kumva chenjezolo, kulimasulira kwa amfumu, ndi kudziwa nyumba zimene muli okalamba, odwala ndi olumala. Mphunzitsi angathe kutuluka ndi ana ake m'kalasi, kukafunsa achikulire pamene madzi anafika pa chigumula chakale, ndi kujambula mapu a mudzi oonetsa malo okwera. Sukulu iliyonse ingathe kukhala ndi nazale ya mitengo yokadzala m'phiri ndi m'mbali mwa mitsinje. Zonsezi sizilira ndalama za kunja.

Ena adzati mwina namondwe sadzafika ku Mchinji. Akapanda kufika sitidzataya kanthu, pakuti mitengo idzatisungira nthaka ndi akasupe a Bua. Koma akafika usiku umodzi wa Malichi, nthawi yodzala mitengo ndi yojambula mapu idzakhala itatha. Madzi saiwala khwawa; tiyambe ntchitoyi dzinja lisanafike.